Makina Oŵerenga Chicheŵa ndi Chinenero cha ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi: Ndemanga pa Maphunziro Apamwamba a Sayansi ya Makompyuta

1. Mau Oyamba

Pa zaka khumi zapitazi chinenero cha Chicheŵa chaloŵa m'manja mwa gulu latsopano la akatswiri. Kale amene ankachisanthula anali aphunzitsi a galamala, omasulira Baibulo, alembi a mabuku ndi a Bungwe Loona za Chicheŵa. Lero aonjezekapo achinyamata amene akuchita digiri yachiŵiri ndi ya udokotala m'sayansi ya makompyuta. Iwoŵa akupanga mapulogalamu omasulira zinenero, oika nkhani m'magulu, ozindikira maina a anthu ndi a malo, ndiponso omva ndi kuyankha mau a pakamwa. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo tikuiyamikira. Komabe pamene nyumba ikukwera msanga, mpofunika kuti wina aŵerame ndi kuyang'ana maziko ake, ndipo ndicho cholinga cha pepala lino.

Mfundo yathu ndi imodzi. Njira imene yazoloŵereka pa kafukufuku ameneyu imatenga Chicheŵa cholembedwa, makamaka cha m'nyuzipepala ndi chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, n'kuchiyesa ngati ndicho Chicheŵa chonse. Tiyesa mfundoyi poyang'ana anthu a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Malinga ndi kalembera wa 2018, maboma aŵiriŵa pamodzi ali ndi anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo ndi Acheŵa amene amadalira ulimi wa chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Ameneŵa ndiwo anthu amene opanga mapulogalamu amati akufuna kuŵathandiza, kotero nkoyenera kuti chinenero chao chikhale muyeso wa ntchitoyo.

2. Pamene Tafika

Maphunziro apamwamba a makompyuta akhazikika ndithu m'dziko muno. Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba imaphunzitsa digiri yachiŵiri ya Informatics, ndipo Yunivesite ya Mzuzu ili ndi digiri yachiŵiri ya Information Theory, Coding and Cryptography. Yunivesite ya MUST, imene idatsekulidwa ku Thyolo mu 2014, idakhazikitsa mu 2023 likulu la kafukufuku wa nzeru zopangidwa ndi makina. Ku Blantyre, pa MUBAS, imene kufikira 2021 inkatchedwa Polytechnic, pali gulu la kafukufuku la Kuyesera AI Lab. Kunja kwa dziko lino, maphunziro a African Master's in Machine Intelligence adayamba ku Kigali mu 2018 kuti asule achinyamata a mu Afirika pa luso lomweli. Ngakhale m'boma la Dowa momwemo, pa msasa wa othaŵa kwao wa Dzaleka, sukulu ya TakenoLAB imaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu.

Zipangizo za Chicheŵa nazonso zachuluka. Google Translate idaonjeza Chicheŵa mu December 2014. Mu 2019 kudatuluka nkhokwe ya ziganizo zomasuliridwa yotchedwa JW300, yotengedwa m'zolembedwa za Mboni za Yehova m'zinenero zoposa 300. Mu 2021 padachitika mpikisano wa pa Zindi woika nkhani za m'nyuzipepala za Chicheŵa m'magulu, ndipo nkhanizo adazisonkhanitsa ndi Dr Amelia Taylor wa ku MUBAS. Mu 2022 gulu la Masakhane lidatulutsa MasakhaNER 2.0, nkhokwe ya zinenero 20 za mu Afirika, kuphatikizapo Chicheŵa, yophunzitsira makina kuzindikira maina. Chaka chomwecho kampani ya Meta idatulutsa pulogalamu yomasulira zinenero 200, ndipo Chinyanja chili momwemo. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayesa pulogalamu ya Ulangizi, imene imayankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, polemba kapena polankhula.

Chitsanzo chomalizachi chikutionetsa kuti nkhaniyi idatuluka kale m'kalasi. Yankho la makina tsopano limafika m'munda, ndipo mlimi amathira feteleza kapena kupopera mankhwala potsata zimene wamva. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malaŵi sadziŵa kulemba ndi kuŵerenga. Kwa anthu otereŵa khomo loloŵera ku makina ndi liwu la pakamwa basi.

3. Zimene Zilembo Zimabisa

Aliyense wa ife akudziŵa kuti m'Chicheŵa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo, koma malamulo a kalembedwe amene Bungwe Loona za Chicheŵa lidatulutsa mu 1973, ndi kuŵakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, salamula kuti kamvekedwe kameneka kazionetsedwa polemba. Pano tiika kachizindikiro pamwamba pa phatikizo lokwera kuti tione chimene chimatayika.

Pa maina, mténgo ndi umene timadula kunkhalango, pamene mtengo ndi umene timakambirana pamsika. Khúngu ndi la pathupi, pamene khungú ndi kusaona. Mlimi wa ku Mponela akafunsa za mtengo wa mango, womumvera sakayika ngati akunena za chomera kapena za ndalama. Funso lomwelo likalembedwa, kusiyanako kwafafanizika.

Pa aneni vutoli nlalikulu koposa, pakuti kamvekedwe ndi gawo la galamala yeniyeni. Ndímathandíza ndi ntchito ya masiku onse, pamene ndimathándiza ndi ntchito imene inali kuchitika koma idaleka. Ndináthandiza amanena za kale, pamene ndinathándiza amanena za posachedwa. Sabata yatha ndi chiganizo chathunthu, koma sabata yátha ndi dzina ndi nthambi yolifotokoza. Tsono tiganizire mai wa ku Malomo m'boma la Ntchisi amene akuuza pulogalamu ya zaumoyo kuti: ndimamwa mankhwala. Kodi akumwabe, kapena anali kumwa ndipo wasiya? Khutu la namwino wa pachipatala limamva yankho m'liwu lake la maiyo. Koma mapulogalamu ambiri amayamba asandutsa liwu kukhala zilembo, kenaka nkumasulira zilembozo; pa sitepe yoyamba yomweyo umboni wofunikawo watayidwa, ndipo masitepe otsatira sangaubwezenso.

Chimodzimodzinso pamene makina akulankhula. Pulogalamu yoŵerenga mokweza imene idaphunzira kuchokera ku zilembo zopanda zizindikiro imangolota pamene liwu liyenera kukwera. Munthu wa m'tauni amene adazoloŵera Chicheŵa cha alendo angathe kuseka ndi kumva ndithu. Nkhalamba ya kumudzi imene ikumvera malangizo a kasungidwe ka chimanga ingathe kumva nthaŵi ya mneni yosiyana ndi imene mlangizi amafuna.

Tiyenera kuonjezapo kuti kamvekedwe ka mau sikafanana m'madera onse. Mabuku odziŵika kwambiri pa nkhaniyi adatsamira pa madera oŵerengeka. Mark Hanna Watkins, m'galamala yake ya 1937, adafotokoza Chicheŵa cha ku Kasungu monga momwe ankalankhulira Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago. Jonni Kanerva mu 1990 adagwiritsa ntchito Chicheŵa cha ku Nkhotakota, ndipo buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la 2017 lidatsamira kwambiri pa cha ku Ntcheu. Dowa ndi Ntchisi ali pakati pa Kasungu, Nkhotakota, Salima ndi Lilongwe. Wophunzira wa makompyuta amene angajambule mau a anthu a m'mapiri ameneŵa ndi kuyeza kakweredwe ka liwu lao ndi makina, angapereke mphatso kwa akatswiri a zinenero ndi kwa anzake a makompyuta nthaŵi imodzi.

4. M'nkhokwe Muli Chiyani?

Makina a masiku ano saphunzitsidwa malamulo a galamala. Amapatsidwa ziganizo zambirimbiri kuti aone okha mau amene amakonda kutsatana. Nchifukwa chake funso loyamba kufunsa wophunzira aliyense liyenera kukhala ili: m'nkhokwe yako muli chiyani, ndipo adakolola ndani? Pa Chicheŵa mayankho ake ndi atatu.

Gwero loyamba ndi zolembedwa za chipembedzo. Zimenezi nzambiri ndipo zidamasuliridwa mosamala, koma ndi zomasuliridwabe, ndipo nkhani zake sizifika pa kagulitsidwe ka soya kapena matenda a nkhuku. Kuonjezera apo, kalembedwe kake nkosiyanasiyana. Buku Lopatulika la 1922 limalemba c pamene ife timalemba ch, ndiponso bv pamene timalemba v, ndipo a ku Zambia amalembabe c mpaka lero. Kwa makina, cifukwa ndi chifukwa ndi mau aŵiri osadziŵana. Chimodzimodzinso mau ndi mawu, nthaŵi ndi nthawi, kubvala ndi kuvala. Wophunzira amene sadziŵa mbiri ya kalembedwe ka Chicheŵa amasakaniza zonsezi m'mphika umodzi osazindikira.

Gwero lachiŵiri ndi nyuzipepala ndi nkhani za pa wailesi. Masamba a Chicheŵa monga Tamvani, Msangulutso ndi Tikambe, ndiponso nyuzipepala monga Fuko ndi Boma Lathu, agwira ntchito yaikulu yosunga chinenero m'zolembedwa. Komabe nkhani zambiri zimalembedwa m'mizinda, kaŵirikaŵiri ndi mtolankhani amene wamva nkhaniyo m'Chingerezi, ndipo zimatsata kalembedwe kamodzi kofotokoza zimene wina wanena. M'menemo mulibe mafunso ndi mayankho a anthu aŵiri ocheza. Mivekero monga gwa, mbee, psuu ndi zii, imene mlimi amafotokozera nayo kuuma kwa nthaka kapena maonekedwe a tsamba lodwala, imapezekamo mwa apo ndi apo.

Gwero lachitatu ndi zokokedwa pa intaneti. Kafukufuku wa Julia Kreutzer ndi anzake wa 2022, amene adaunika nkhokwe zotere m'zinenero zambiri, adapeza kuti m'zinenero zokhala ndi zolembedwa zochepa mbali yaikulu ya ziganizo imakhala yolakwika, ndipo zina sizikhala za chinenero chimene zatchulidwacho.

Tsono tiike pambali pa nkhokwe zitatuzi Chicheŵa cha ku Chibanzi, ku Kayembe kapena ku Nthondo. Mlimi wa kumeneko amatchula adani a mbeu zake ndi maina ao: kapuchi, nankafumbwe, kaufiti, ntchemberezandonda. Mapulogalamu amakono amadula mau osoŵa m'tizidutswa potsata kuchuluka kwa zilembo zoyendera limodzi, njira imene idafala kuyambira 2016. Mwa njira imeneyi, makina amene sadakumanepo ndi dzina lakuti kaufiti angathe kuonamo ufiti, ndipo m'dzina la mbozi ija angathe kuonamo ntchembere zimene zalondola munthu. Mlimi yemweyo akati agogo adwala, kapena amfumu afika, akunena za munthu mmodzi amene akumulemekeza. Makina amene adaphunzira kuti a- ndi chizindikiro cha ambiri amaŵerenga anthu angapo. Ndipo m'Chigawo cha Pakati mphatikira wa nthaŵi yakale -da- ndi wamoyo pakamwa pa anthu, pamene zolembedwa zambiri za masiku ano zimasakaniza -da- ndi -na- popanda lamulo.

Pali chodabwitsa m'mbiri imeneyi. Mapiri omweŵa ndiwo amodzi mwa malo amene Chicheŵa cholembedwa chidakulira. Mishoni ya Dutch Reformed idayamba pa Mvera, m'boma la Dowa, mu 1889, ndipo pa Kongwe mu 1894. William Murray, amene adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, anali wa mishoni imeneyi, ndipo ntchitoyo idatheka chifukwa cha aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo Achimalaŵi amene ankaweruza ngati chiganizo chikumveka. Samuel Josia Nthara, mlembi wa Nthondo wa 1933, adalembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi pomvera zimene anthu a kumeneko ankakumbukira. Nthaŵi imeneyo mau ankachoka pakamwa pa anthu a kumapiri kupita papepala. Lero makina akuphunzira papepala lokha, kenaka nkubwerera kumapiri kukalankhula ndi eni chinenero.

5. Muyeso Wokhota

Wophunzira wa digiri yachiŵiri amapambana mayeso ake akaonetsa kuti pulogalamu yake yaposa ina pa chiŵerengero china chake. Nkofunika tsono kufunsa chimene chiŵerengerocho chimayeza. Muyeso wotchuka pa zomasulira, wotchedwa BLEU, udapangidwa ku IBM mu 2002, ndipo umaŵerenga mau athunthu amene akufanana pakati pa zimene makina alemba ndi zimene munthu adamasulira. Muyesowu umayenda bwinoko pa Chingerezi, chimene mau ake ndi aafupi. M'Chicheŵa, liwu limodzi monga sindidzakuthandizaninso lili ndi magawo asanu ndi atatu, si-ndi-dza-ku-thandiz-a-ni-nso, ndipo Chingerezi chifuna mau asanu ndi limodzi kuti chinene zomwezo. Makina amene alondola magawo asanu ndi aŵiri amalandira chilango chofanana ndi amene alakwitsa onse.

Pofuna kukonza zimenezi, ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa chrF wa 2015, umene umaŵerenga zilembo. Nawonso uli ndi msampha wake. Taonani ziganizo ziŵiri izi: mumwe mankhwalaŵa musanadye, musamwe mankhwalaŵa musanadye. Kusiyana kwake ndi zilembo ziŵiri zokha, kotero muyeso woŵerenga zilembo udzati makina akhoza pafupifupi zonse. Koma wodwala amene watsata chiganizo cholakwikacho wachita chosemphana kotheratu ndi chimene dokotala adanena. M'Chicheŵa kukana, nthaŵi, mwininkhani ndi pamtherankhani zimanyamulidwa ndi tiaphatikira ta chilembo chimodzi kapena ziŵiri, ndipo muyeso umene suzindikira kulemera kwa tiaphatikirati ndi sikelo yokhota.

Ziganizo zoyesera nazonso nzofunika kuziyang'ana. Nkhokwe ya FLORES, imene ambiri amayesera mapulogalamu omasulira, ili ndi ziganizo pafupifupi 3,000 zotengedwa pa masamba a Chingerezi a Wikimedia, zonena za nkhani za m'maiko, maulendo ndi maphunziro a ana, ndipo zidamasuliridwa kupita m'zinenero zina zonse. Ubwino wake ngwakuti zinenero zonse zimayesedwa pa ziganizo zofanana. Koma pulogalamu imene yakhoza mayeso ameneŵa yangotsimikiza kuti imatha Chicheŵa chovala malaya a Chingerezi. Za mmene ingamvere mlimi wa ku Madisi sitinaphunzirepo kanthu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

6. Phunziro la M'zaka za m'ma 1980

Wina angaganize kuti galamala ya Chicheŵa ndi sayansi ya makompyuta ndi alendo amene angokumana kumene. Mbiri ikukana. Chiphunzitso cha galamala chotchedwa Lexical Functional Grammar adachiyambitsa ndi Joan Bresnan ndi Ronald Kaplan, ndipo Kaplan anali katswiri wa makompyuta pa Xerox PARC ku California. Chiphunzitsocho chidakonzedwa mwakuti makina athe kuchigwiritsa ntchito. Zina mwa nkhani zimene zidachilimbitsa zidachokera m'Chicheŵa.

Mu 1987 Bresnan ndi Sam Mchombo, amene kale ankaphunzitsa pa Chancellor College, adaonetsa kuti mgwirizanitsi wa pamtherankhani amagwira ntchito ya mloŵam'malo wokhala m'kati mwa mneni. Tikati mbuzi zinadya chimanga, dzina lakuti chimanga liyenera kutsatana ndi mneni. Koma tikaika -chi- m'mneni, mau amamasuka: mbuzi zinachidya chimanga, chimanga mbuzi zinachidya, chimanga zinachidya mbuzi. Amene wadya ndi chimene chadyedwa timazidziŵira pa agwirizanitsi, ngakhale dongosolo la mau lisinthe. Mu 1989 Bresnan ndi Kanerva adasanthula ziganizo za mtundu wa ku Mponela kwafika ogula soya, m'mene dzina la malo ndilo likulamulira mneni. Zolembedwa ziŵirizi zimaŵerengedwa m'mayunivesite a maiko ambiri mpaka lero.

Maiko ena adamanga pa maziko otere. Ku Finland, Kimmo Koskenniemi adapanga mu 1983 njira yoti makina azigaŵira liwu m'magawo ake, ndipo Arvi Hurskainen wa ku Helsinki adaigwiritsa ntchito pa Chiswahili. Ku South Africa, Laurette Pretorius ndi Sonja Bosch adachita ntchito yofanana nayo pa Chizulu. Pa Chiyoruba, chimene kalembedwe kake kamaonetsa kakweredwe ka liwu, akatswiri monga Iroro Orife adapanga mapulogalamu obwezeretsa zizindikirozo pamene olemba azisiya. Pa zonsezi katswiri wa makompyuta ankadziŵa kapangidwe ka chinenero, kapena ankagwira ntchito limodzi ndi wochidziŵa.

Wophunzira wathu wa makompyuta amafika pa digiri yachiŵiri ataphunzira zonse m'Chingerezi. Ndipo kuyambira 2014, pamene Unduna wa Zamaphunziro udalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, amene akubwera m'mbuyo mwake adzakhala atatalikirana nacho Chicheŵa cha m'kalasi koposa. Galamala imene adaphunzira kusekondale siinamuuze zambiri za kamvekedwe ka mau. Amalankhula Chicheŵa bwino lomwe, koma kulankhula chinenero ndi kudziŵa kufotokoza malamulo ake ndi maluso aŵiri osiyana. Mlandu suli pa wophunzirayo. Uli pa khoma limene limalekanitsa nthambi ya makompyuta ndi ya zinenero, ngakhale pamene nthambi ziŵirizo zili pabwalo limodzi.

7. Zimene Otsutsa Anganene

Pali zotsutsa ziŵiri zimene ziyenera kuyankhidwa mwaulemu. Choyamba nchakuti Amalaŵi akhala akuŵerenga Chicheŵa chopanda zizindikiro kwa zaka zoposa zana limodzi popanda kusokonezeka, chifukwa mau oyandikana nawo amaunikira tanthauzo. Makina nawonso angathe kutero. Mfundoyi ili ndi choonadi. Koma woŵerenga amabwera papepala atanyamula kale chinenero chonse m'khutu mwake, chimene adachimva kuyambira ali kumsana kwa amake. Makina alibe chuma chimenechi. Pa Chingerezi amakwirira kusoŵa kumeneku ndi mau mabiliyoni ambirimbiri. Pa Chicheŵa zolembedwa nzochepa kwambiri poyerekeza, kotero chidziŵitso cha galamala ndicho chingathe kuloŵa m'malo mwa kuchuluka kumene tilibe.

Chachiŵiri nchakuti digiri yachiŵiri imatenga zaka ziŵiri zokha, ophunzira ambiri amadzilipirira okha uku akugwira ntchito, ndipo ulendo wa ku Ntchisi wokajambula mau, kuŵalemba ndi kuŵaika zizindikiro umadya nthaŵi ndi ndalama. Kutenga nkhokwe yopezeka kale pa intaneti nkosavuta, ndipo kumabala pepala limene misonkhano ya kunja ingalandire. Izinso nzoona, ndipo nchifukwa chake sitikusenzetsa wophunzira mmodzi katundu ameneyu. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito yomanga nkhokwe ndi ya mayunivesite ndi ya okonza ndondomeko ya zinenero.

Kwa okonza ndondomeko tili ndi chenjezo lapadera. Chicheŵa chidakhala chinenero cha fuko mu 1968. Kuyambira 1972 Bungwe Loona za Chicheŵa ndilo linkaweruza za kalembedwe ndi mau atsopano, ndipo mu 1996 udindo wosamala zinenero za m'Malaŵi udapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Zigamulo za mabungwe ameneŵa zinkatheka kuzitsutsa chifukwa eni ake ankadziŵika. Lero zolembedwa zambiri za Chicheŵa zimene zikuikidwa pa intaneti zimayamba zadutsa m'makina omasulira, ndipo makina a maŵa adzaphunzira kuchokera ku zomwezo. Mwa njira imeneyi mtundu wina wa Chicheŵa ungathe kukhazikika ngati wovomerezeka popanda bungwe lililonse kuukambirana, ndipo mwana wa ku Dowa adzayamba kuganiza kuti Chicheŵa cha agogo ake ndicho cholakwika.

8. Zoyenera Kuchita

Choyamba, kafukufuku aliyense wa digiri yapamwamba ya makompyuta wokhudza chinenero cha m'Malaŵi akhale ndi aphunzitsi oyang'anira aŵiri, wina wa makompyuta ndi wina wa zinenero, ndipo pakati pa oyesa pakhalenso katswiri wa chinenerocho.

Chachiŵiri, pakhale phunziro la chigawo chimodzi cha chaka lonena za kapangidwe ka Chicheŵa ndi zinenero zinzake, lokonzedwera ophunzira a makompyuta: magulu a maina, agwirizanitsi, misintho ya aneni, kamvekedwe ka mau ndi mbiri ya kalembedwe. Mofananamo ophunzira a zinenero aphunzire kulemba mapulogalamu aafupi, kuti magulu aŵiriŵa azimvana akakhala pamodzi.

Chachitatu, pamangidwe nkhokwe ya fuko ya mau a pakamwa, yosungidwa ku Centre for Language Studies ndi yotseguka kwa ophunzira a mayunivesite onse. Tikupempha kuti ntchitoyi iyambire ku Dowa ndi ku Ntchisi, kenaka ifalikire m'madera ena ndi m'zinenero zina monga Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Mujambulidwe macheza enieni a pamsika, a kumunda, a pachitsime ndi a pabwalo la milandu, ndipo pa chojambulidwa chilichonse palembedwe dera, msinkhu ndiponso ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi. Anthu apemphedwe chilolezo m'chinenero chao, mafumu adziŵitsidwe, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 litsatidwe. Tikumbukirenso kuti maboma aŵiriŵa ndi kwao kwa gule wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005. Mau a ku dambwe ali ndi eni ake, ndipo sayenera kuloŵa m'nkhokwe imene aliyense angatsekule.

Chachinai, pakonzedwe mayeso olembedwa m'Chicheŵa kuchokera pachiyambi, okhala ndi ziganizo ziŵiriziŵiri zosiyana pa kanthu kamodzi kokha: kukana, nthaŵi ya mneni, ulemu, kamvekedwe. Oweruza ake akhale alimi, alangizi ndi azaumoyo a m'midzi, ndipo funso lao likhale lakuti: mwamva kuti muchite chiyani?

Chachisanu, sitikupempha kuti kalembedwe ka masiku onse kasinthidwe; kalata ndi nyuzipepala zipitirire monga ziliri. Tikupempha kuti okonza ndondomeko agwirizane njira imodzi yoonetsera kamvekedwe ka mau m'nkhokwe za kafukufuku, poyambira pa zimene Mtanthauziramawu wa Chinyanja adachita kale, ndiponso kuti asindikize mndandanda wofananitsa kalembedwe kakale, katsopano ndi ka ku Zambia ndi ku Mozambique.

Chachisanu ndi chimodzi, wolemba kafukufuku wotere aikemo chidule cha tsamba limodzi m'chinenero chimene wasanthulacho. Amene walephera kufotokoza ntchito yake m'Chicheŵa ayenera kudzifunsa ngati makina ake achidziŵadi.

9. Pomaliza

Taonetsa kuti kafukufuku wa makompyuta wokhudza Chicheŵa watsamira pa zolembedwa zimene sizionetsa kamvekedwe ka mau, zimene zambiri mwa izo ndi zomasuliridwa kapena za m'mizinda, ndipo kuti miyeso yake siona zolakwa zimene zingapweteke munthu. Taonetsanso kuti chidziŵitso chokonzera zimenezi chilipo kale, m'mabuku a galamala ndi pakamwa pa anthu. Achinyamata amene akuchita maphunziro ameneŵa ali ndi luso limene dziko lino likulifuna. Chimene tikupempha kwa akuluakulu a mayunivesite ndi okonza ndondomeko ya zinenero nchakuti, asanavomereze maphunziro ena atsopano a digiri yapamwamba m'gawo limeneli, afunse kuti Chicheŵa chimene makinawo adzaphunzire chidzachokera kwa yani, ndiponso kuti ndani adzaweruze ngati achimva.